Mmene timachitira mapemphero a madzulo pabanja tili ndi ana ang'onoang'ono

Mayi wina wa kumlaga kwathu anandifunsa sabata yatha kuti kodi inu mumatani kuti ana azikhala phee pa mapemphero a madzulo, kwathu tikangoti tiyambe wina akulira, wina akufuna madzi, wina wagona kale pamkeka. Ndinangoyankha mwachidule poti tinali pamsewu akudikira kabaza, nde ndati ndilembe bwinobwino mwina zithandizanso ena amene banja lawo likadali laling'ono ngati lathuli. Ife tili ndi ana awiri, wamkulu zaka 6 wamng'ono zaka 3, komanso tikusunga mlamu wanga wa fomu 2.

Yambani ndi kusintha nthawi. Mabanja ambiri amapemphera akamakagona, cha m'ma 9 uko, ifenso tinkatero, koma mwana woti wakhuta nsima tulo tili m'maso simungamuuze za Mulungu nkumva, amangowodzera kenako mukalipe, mapemphero nkusanduka ndewu. Pempherani musanadye. Kwathu timachita chonchi, ndiwo ndimaphikiratu, ndikateleka madzi a nsima nkuthira ufa phala likayamba kubwata ndimavundikira, ndimachepetsako makala pambaula, basi ndimaitana onse. Phala lija limafunika libwate ndithu mphindi 10 kuti nsima isakhale yosapsa, nde mphindi zomwezo ndi za mapemphero. Mbaula imatsala pakhonde, musailowetse m'nyumba motseka utsi wa makala umapha, mlamu wanga amakhala chapakhomo kuti aziponyako diso. Tikati ameni ndimapita kokavundula. Ubwino wake ndi woti nsima timaphika tsiku lililonse, nde palibe tsiku loti tiiwale, ngakhale wamng'onoyo akangomva chivundikiro chagwa pa poto amathamangira yekha kukakoka mkeka.

Mphindi 10 zakwana, olo 7. Musatengere za kutchalitchi kuti pakhale nyimbo zitatu, mawu aatali, zolengeza, ayi apa ndi pakhomo. Nyimbo imodzi, mawu pang'ono, pemphero, mwatha. Nyimboyo ikhale kolasi yomwe anawo amaimba ku Sande sukulu, yowomba m'manja, asankhe okha mosinthana, ndipo akasankha yomweyomweyo sabata yonse imbani basi osadandaula. Ya m'buku la nyimbo timaphunzitsa ndime imodzi pa mwezi, pang'onopang'ono wamkuluyo wayamba kumaimba nawo mu tchalitchi.

Wailesi, TV, zimani. Mafoni onse pamwamba pa kabati, a bambo omwe. Ndikudziwa ambiri Baibulo tili nalo pafoni ndipo limathandiza mu minibasi kapena kuntchito, koma madzulo gwirani la buku, chifukwa pafoni uli mkati mowerenga uthenga wa pa WhatsApp walowa, maso athawira komweko, komanso mwana sasiyanitsa kuti amami akuwerenga mawu kapena akucheza ndi anzawo. Magetsi akazima timayatsa katochi ka sola, wamkuluyo ndi amene amawunikira tsamba, ntchito imeneyi amainyadira kwabasi.

Tsono nkhani ya mawu, apa ndi pamene ndikufuna mumvetse. Buku Lopatulika lija tinakulira nalo linatuluka 1922, ndimalikonda, mavesi onse amene ndinaloweza ndili mwana ndi a mmenemo, koma Chichewa chake ndi chakale mwana wa zaka 6 wobadwira mtauni mawu ena samawamva. Buku Loyera la 1998 ndi losavutirapo. Koma olo mutakhala ndi liti, kwa ana ang'ono musawerenge chaputala chonse. Werengani nokha masana, madzulo muwerenge vesi imodzi kapena ziwiri mokweza kuti adziwe kuti zikuchokera m'bukumo, kwinako fotokozani ndi pakamwa ngati mmene agogo ankatifotokozera nthano, kungoti muziwauza kuti iyi si ya Kalulu, izi zinachitikadi. Sankhani zokhala ndi anthu ndi zochitika, Davide ndi Goliati pa 1 Samueli 17, Danieli m'dzenje la mikango pa Danieli 6, Samueli akuitanidwa usiku ali mwana pa 1 Samueli 3, kamnyamata ka mikate isanu ndi tinsomba tiwiri pa Yohane 6. Levitiko ndi Chivumbulutso zidikire kaye akule.

Tsiku lomwe tinachita za Zakeyu pa Luka 19, bambo awo anati munthu wamfupi uja anakwera mu mkuyu, ngati uja uli kudambo kwa agogo timatola nkhuyu uja. Mwana maso anangoti tong'o. Anafunsa kuti ndiye nyerere sizinamulume, poti mu mkuyu wa kwa agogo mumakhala nyerere zambiri. Bambo awo sanamudule, anati mwina zinamuluma koma ankafunitsitsa kuona Yesu nde sanatsike. Mpaka lero nkhani imeneyo amaifotokoza yekha kwa mng'ono wake. Nde mwana akafunsa funso lolani, ndi chizindikiro choti akumva. Inunso mufunseni limodzi lokha, losavuta, ngati kuti Yesu anati akakhala kunyumba kwa ndani, osasandutsa mayeso.

Popemphera aliyense anene chiganizo chimodzi kapena ziwiri, kuyambira wamng'ono kumalizira bambo kapena mayi. Wa zaka 3 poyamba amangobwereza zomwe ndikumunong'oneza, pano amanena yekha, amathokoza Mulungu chifukwa cha mandasi, amapempherera mwendo wa agogo ndi kankhuku kake. Musaseke chonde, ndipo akuluakulu ena m'nyumbamo muwauziretu, mwana ukamuseka kamodzi pa pemphero amatseka pakamwa mwezi wathunthu. Akalakwitsa mawu musamukonze pompo. Wina akamayendayenda kapena wakwera pamsana pa bambo ake musiyeni bola asasokoneze, kukhala phee kumabwera ndi msinkhu. Kumenya kapena kutsina mwana kuti atseke maso ine ndimakana, adzakula akudziwa kuti nthawi ya Mulungu ndi nthawi yowawa.

Akulu pemphererani zenizeni za pakhomopo, lendi, fizi ya mlamu, mvula kumudzi, neba amene wagonekedwa kuchipatala ndi malungo, koma sankhani mawu kuti ana asagone ndi mantha. Kunena kuti Ambuye tithandizeni pa lendi ya mwezi uno ndi bwino, zoti atithamangitsa m'nyumba mukanene awiri kuchipinda. Ndipo zikayankhidwa muziwauza, tsiku lomwe agogo anayamba kuyendanso tinawakumbutsa anawo kuti paja mwakhala mukupempherera mwendo uja.

Pali chinthu china chimene chimaononga mapemphero a pabanja ndipo sitimachinena kawirikawiri, kudzudzulana kudzera m'pemphero. Mayi akuti Ambuye sinthani mitima ya anthu ena obwera mochedwa m'nyumba muno, bambo nawo mawa awerenge vesi ya akazi mverani amuna anu mokuluwika. Ana amamva zimenezo, mlamu wa fomu 2 amamva kwambiri. Ngati pali nkhani kambiranani awiri ana atagona. Tsiku loti mwayambana ndipo mitima sinatsike musadumphe mapemphero, koma musadzikakamizenso kupemphera zazitali, ingonenani limodzi Atate wathu wa Kumwamba lija la pa Mateyu 6. Ine ndimafika pa mawu a kukhululukira aja mawu nkumanjenjemera, ndipo nthawi zambiri pofika nthawi yoomola nsima ndimakhala ndayamba kale kuwayankhula bambo a anawo. Aefeso 4:26 amati dzuwa lisalowe tili chikwiyire, kwathu dzuwa limakhala litalowa kale koma timayesetsa kuti tulo lokha lisatipeze choncho.

Azimayi anzanga ambiri amati amuna anga amafika usiku, kapena amachita manyazi kupemphera mokweza. Musadikire, yambani inu ndi ana, paja Timoteo chikhulupiriro anachiona kwa amayi ake Yunike ndi agogo ake Loisi, zili pa 2 Timoteo 1:5. Bambo akapezeka apatseni Baibulo awerenge vesi basi, osawakakamiza zambiri kapena kuwachititsa manyazi pamaso pa ana. Amuna anga anayamba choncho, miyezi ingapo amangowerenga, pano nkhani amafotokoza bwino kuposa ine. Akakhala ku naiti kapena ali kutali timaimba foni kamphindi kuti anene nawo ameni, apa pokha foni imaloledwa kutsika pa kabati.

Alendo akatipeza timangowauza kuti tikhale nawo, palibe anakanapo. Kukagwa maliro, matenda, kapena mwangotopa masiku atatu adutsa, yambiraninso tsiku lachinayilo osadziimba mlandu. Anzathu a Katolika mmalo mwa korona yonse mutha kunena gawo limodzi la ma Tikuoneni Maria 10 ndi ana, makamaka mu Meyi ndi Okotobala, nthawi yake ndi yomweyo ya phala.

Loweruka timasinthako pang'ono, tikatha kupemphera ndimasitiratu zovala za mawa magetsi akadalipo, aliyense ndimamuikira chopereka chake pambali ndi ndalama ya minibasi kuti mmawa tisakanganirane nsapato yosowa. Lamulungu madzulo sitiwerenga zatsopano, wamkuluyo ndi amene amatiuza zomwe aphunzira ku Sande sukulu, akaiwala mlamu amamukumbutsa.

Ngati mukuyamba lero ndipo simunakonzeke nkhani iliyonse tsegulani Masalimo 23 muwerenge vesi yoyamba yokha, Yehova ndiye mbusa wanga sindidzasowa, anawo abwereze katatu, muwafunse ngati anaonapo mnyamata akudyetsa mbuzi kumudzi ndipo amatani ina ikasochera. Mawa vesi yomweyo, mkuja yomweyo, yachiwiri mudzaonjezere sabata ya mawa.