Momwe mungaphunzitsire ana za Hawaii ndi tsiku lomwe idalowa mu America

Aphunzitsi anzanga a kuno ku Zomba, makamaka inu oyendetsa makalabu a histore ndi jogirafe, nali phunziro losafuna ndalama, choko ndi mapu basi. Pa 21 Ogasiti 1959 Hawaii idakhala chigawo cha nambala 50 cha United States, chomaliza mpaka lero, ndipo kwawoko amakumbukira Lachisanu lachitatu la Ogasiti chaka chilichonse. Nthawi imeneyo ana athu amakhala ali pa holide ndiye ingolisungani, mudzaliponye teremu yoyamba ikangotsegulira.

Musayambe ndi madeti chonde, ana amawodzera. Bwerekani gulobu ku ofesi kwa ahedi, mwana mmodzi aike chala pa Botswana wina afufuze mbali inayo ya dziko yoyang'anizana nayo ndendende, akapezeka ali pakati pa nyanja ya Pacific, pa Hawaii pomwepo. Kenako auzeni kuti timasiyana nawo maola 12, kuno ikamakwana 7 koloko m'mawa kwawoko ndi 7 koloko madzulo adzulo. Apa ndiye mafunso amayamba kubwera okha.

Mukatero tulukani nawo panja, alozereni phiri lathu la Zomba lomwe nsonga yake imangodutsa pang'ono mamita 2,000, muwauze kuti Mauna Kea, phiri lalitali kwambiri ku Hawaii, ndi mamita pafupifupi 4,200, olo Sapitwa wa ku Mulanje ndi 3,002 yakeyo safikako. Zilumba zonse za Hawaii zidachita kuphulika kuchokera pansi pa nyanja ndipo phiri la Kilauea mpaka pano limalavulabe moto. Zikuluzikulu zilipo 8. Samalani apa, likulu Honolulu lili pa Oahu osati pa chilumba chachikulu chotchedwa Hawaii chija, ambiri amagwa pomwepa pa kwizi.

Tsopano mbiri, ndipo apa musathamange ayi. Hawaii udali ufumu woima pawokha, mfumu Kamehameha idagwirizanitsa zilumba zonse pofika 1810. Likulu lidali ku Lahaina kenako lidasamukira ku Honolulu mu 1845, zomwe mwana wa ku Zomba sangavutike kumva poti nafenso lathu lidapita ku Lilongwe mu 1975. Mu 1893 azungu a bizinesi, ambiri a minda ya nzimbe, adachotsa pampando mfumukazi Liliuokalani asilikali a America atatsika m'sitima n'kuima chapafupi ndi nyumba yachifumu, mu 1898 America idangotenga zilumbazo. Za Pearl Harbor, doko la asilikali a America pa Oahu lomwe Japan idaliphulitsa pa 7 Disembala 1941, tchulani mwachidule, ena adaziona kale m'mafilimu.

Ine ndimaona kuti pokoma penipeni ndi pa voti ya 1959. Oposa 90 mwa 100 alionse ovota adavomera kulowa, koma papepala padali zosankha ziwiri zokha, kukhala chigawo kapena kukhalabe pansi pa America ngati kale, zodziimira paokha padalibe. N'chifukwa chake eni nthaka ena tsikuli salisangalalira, ndipo mu 1993 pulezidenti wa America Bill Clinton adasaina chikalata chopepesa pa zomwe zidachitika mu 1893. Lembani pabolodi 1959 kawiri, mbali ina Hawaii mbali ina Nyasaland, chifukwa chaka chomwecho pa 3 Malichi boma la atsamunda, likulu lake lili konkuno, lidamanga Kamuzu ndi anzake chifukwa chofuna kudzilamulira.

Gawani kalasi pawiri, ena akhale a Hawaii ovomera ena okana, apatseni mphindi 10 zokonzekera ndipo inu musalowerere olo atsutsane mokweza. Ntchito yakunyumba ajambule mbendera ya Hawaii, mizere 8 ndi Union Jack ya Britain pakona, sabata yamawa abwere ndi yankho loti chigawo cha America chikutani ndi chizindikiro cha Mangalande.