Lekani Kumanga Nsapato M'majumbo Pozisunga M'zipinda za Lendi

M'mwezi uno wa Febuluwale, pamene mvula yakhala ikugwa pafupifupi tsiku lililonse muno mu Zomba, ndalowa m'zipinda zingapo za lendi zimene anthu amasungiramo katundu ku Chikanda, ku Matawale ndi kufupi ndi msika waukulu, ndipo zimene ndaona kumeneko ndi zimene zandichititsa kulemba malangizo awa. Ena mwa eni katunduyo ndi amayi ndi anyamata ogulitsa nsapato za kaunjika amene ndimagwira nawo ntchito m'magulu a banki m'khonde, ena ndi ophunzira a pa yunivesite ya ku Chirunga amene amasiya katundu wawo akamapita kutchuthi, ndipo ena ndi mabanja amene asamukira m'nyumba zazing'ono ndipo katundu wina wasowa poikidwa. Anthu onsewa analipira lendi ndiponso anagula maloko olimba, koma potsegula chitseko apeza nsapato zawo zitayera ndi chuku, zikununkha, zina soli itamatuka. M'chipinda chilichonse chimene ndalowa, nsapato zoonongeka kwambiri zinali zimene zinamangidwa m'majumbo a pulasitiki, kukamwa kwa jumbo kutamangidwa mfundo yolimba, kenaka n'kuunjikidwa pansi pa simenti.

Amene amachita zimenezi si anthu osasamala, ndipo ndikawafunsa amandiyankha mofanana, kuti ankaopa denga lodontha ndi fumbi. Maganizo awo ndi akuti madzi amene amaononga nsapato amachokera kunja kokha, choncho ukatseka njira zonse ndiye kuti nsapato yatetezeka. Cholakwika chili pamenepo, chifukwa nsapato imalowa m'jumbo ili kale ndi madzi ake. Imene yavalidwa dzulo imakhala ndi thukuta m'kati mwake, imene yaponda matope a ku Chikanda imasunga chinyezi m'misoko, ndipo ya kaunjika imene yachapidwa m'mawa n'kuyanikidwa maola ochepa imauma pamwamba pokha, pamene siponji ya m'kati ndi kunsi kwa chopondera kukadali konyowa. Pulasitiki salola mpweya kudutsa, ndiye chinyezi chimenecho chimasowa kolowera. Masana malata akatentha, madziwo amasanduka nthunzi n'kudzaza jumbo lonse, ndipo usiku kukazizira nthunziyo imabwerera kukhala timadontho tomwe timatsikiranso pa nsapato yomweyo. Zimenezi zimachitika tsiku ndi tsiku kwa nthawi yonse imene chitseko chili chokhoma. Aliyense amene anamasulapo jumbo lotere anaonapo timadontho m'kati mwake, koma ambiri amaganiza kuti mvula inalowa penapake.

Chuku chimayamba kumera bwino chinyezi cha mumpweya chikapitirira pafupifupi 70 peresenti, ndipo m'kati mwa jumbo lomanga mmene muli nsapato yonyowa chinyezicho chimapitirira pamenepo kutali. Chakudya chake chimakhala chili pomwepo, chifukwa chikopa, nsalu ya thonje, litsiro ndi thukuta zonse ndi zinthu zimene chuku chimadya. Sipafunika miyezi kuti vutoli lioneke, popeza masiku owerengeka ndi okwanira kuti timadontho toyera kapena tobiriwira tiyambe kuoneka, ndipo pakatha tchuthi chonse cha sukulu kapena mwezi umodzi wa malonda oyenda pang'onopang'ono, nsapato imakhala itagwidwa yonse.

Tiyeneranso kukumbukira kumene tikukhala. Tawuni yathu ili m'tsinde mwa phiri la Zomba, kumene mitambo imakhala ikutsika, ndipo mitsinje ya Mulunguzi ndi Likangala imadutsa pakati pa malo amene timakhala. Kuyambira Novembala mpaka Epulo makoma a nyumba zambiri, makamaka zimene zili m'munsi, sauma kwenikweni, ndipo ngakhale mvula ikatha, chiperoni cha m'miyezi ya Juni ndi Julaye chimabweretsanso nkhungu ndi mawawa. Amene analipo m'mwezi wa Malichi 2023 pa nthawi ya namondwe wa Freddy akukumbukira kuti mvula italeka, makoma ndi pansi m'nyumba zinakhalabe zonyowa kwa masabata ambiri. Njira yosungira katundu imene mwina imamuyendera m'bale wanu amene amakhala kudera louma singagwire ntchito chimodzimodzi kuno.

Zimene zimaonongeka si maonekedwe okha. Pa nsapato yachikopa, chuku chimalowa m'kati mwa chikopacho, kotero kuti ngakhale mupukute n'kupaka polishi, mabala ake amaonekerabe ndipo fungo silichoka msanga. Pa nsapato zansalu ndi zamasewero, tizitsulo ta m'mabowo a zingwe timachita dzimbiri lomwe limathimbiriritsa nsaluyo, ndipo nsapato yoyera imasanduka yachikasu. Guluu amene amagwira soli amafooka akamakumana ndi kutentha ndi chinyezi mosinthanasinthana, n'chifukwa chake soli imayamba kuyasama kutsogolo. Choopsa kwambiri, chimene ogulitsa ambiri sachidziwa, chili pa soli zopangidwa ndi polyurethane (mtundu wina wa pulasitiki wofewa), zimene zimapezeka pa nsapato zambiri za kuntchito, ma safety boot ndi nsapato zina zamasewero. Soli zoterezi zikakhala nthawi yaitali pachinyezi popanda kuvalidwa, madzi amadula mphamvu yake m'kati, ndipo nsapato imaoneka yabwinobwino mpaka tsiku limene munthu waivala, pamene soli imayamba kunyenyeka ngati chigumu panjira. Wosoka nsapato angathe kumata soli yomatuka, koma yonyenyeka alibe nayo chochita kupatula kuichotsa yonse n'kuika ina. Nsapato ya kaunjika imafika kuno itakhala kale zaka, itadutsanso panyanja ili yothinana m'belo, ndiye kuimanganso m'jumbo n'kuimalizitsa.

Kwa mayi amene anatenga ngongole ku banki m'khonde kuti aode belo la nsapato, kuonongeka kumeneku kumagwera pa mpamba weniweniwo. Wogula pamsika amayamba wanunkhiza nsapato asanafunse mtengo, ndipo akangomva fungo la chuku amaibweza kapena amanenerera mpaka mtengowo ufike pansi pa umene mayiyo anaodera. Tsiku lobweza ngongole silisuntha chifukwa cha chuku, lendi ya chipinda chimene chaononga katunduyo imafunikabe, ndipo sopo ndi nthawi yochapanso nsapato zonsezo zimatuluka m'thumba lomwelo. Ndaona anthu akusiya bizinesi atangotaya belo limodzi lokha, ndipo zimandipweteka mtima chifukwa sanaberedwe, sanaononge ndalama m'zosangalatsa, koma anangotsatira chizolowezi chimene anachipeza kwa anzawo. Palinso za umoyo, pakuti fumbi la chuku limene limauluka pomasula majumbo m'chipinda chotseka limayambitsa chifuwa ndi kuyetsemula, ndipo kwa munthu wodwala mphumu lingathe kudzutsa matendawo.

Nkhaniyi yandikumbutsa bambo ena achikulire a cha ku Jali, mlimi wakhama wa chimanga ndi nandolo, amene ndakhala ndikuwayendera kwa zaka zingapo. Bambowa anaphunzira bwino kusunga chimanga m'matumba a PICS, aja okhala ndi mapulasitiki awiri m'kati, ndipo anaona ndi maso awo kuti anankafumbwe sakhala ndi moyo m'thumba lotseka mpweya. Atatsala pang'ono kupita ku Blantyre kukakhala kwa mwana wawo kwa miyezi iwiri, anaganiza kuti nzeru yomweyo iwasungira nsapato zawo zakutchalitchi, zimene anazigula atagulitsa nandolo, pamodzi ndi magambuti a kudimba. Anaziika zonse m'thumba limodzi, magambuti ali ndi matope ake, anamanga bwinobwino monga anaphunzitsidwira, n'kuliika m'kachipinda kosungiramo katundu pafupi ndi thumba lotsegula la feteleza wa urea. Atabwerako anandiitana modandaula, nandionetsa nsapato zitamera chuku mpaka m'kati, ndipo anandifunsa kuti thumba limene lasunga chimanga chawo chaka chathunthu lalephera bwanji kusunga nsapato miyezi iwiri. Ndinawafunsa ngati anayamba athirapo chimanga chosauma m'thumba limenelo, ndipo anandiyankha msanga kuti sangayerekeze, chifukwa amayamba aluma njere kuti amve ngati ikuthetheka, ndipo amadziwa kuti chimanga chachiwisi chimaola m'thumba lotseka. Atangonena mawu amenewo anakhala chete, popeza anali atadziyankha okha. Thumbalo linagwira ntchito yake yotseka mpweya, koma chimene anatsekeramo chinali chonyowa. Fetelezayo nayenso anali atayamwa madzi a mumpweya n'kuyamba kunyowetsa pansi, zimene zimasonyeza mmene kachipindako kanalili.

Chimene chimanditopetsa n'chakuti nzeru imeneyi tili nayo kale. Palibe Mmalawi amene amamanga nkhokwe pansi, ndipo mlimi aliyense amadziwa kuti matumba a chimanga amasanjidwa pa thandala, motalikirana ndi khoma. Koma munthu yemweyo akafika pa nsapato, amaziponya pakona pa simenti, ngati kuti simenti ndi youma chifukwa ikuoneka yosalala. Simenti imakoka chinyezi kuchokera m'nthaka, makamaka m'zipinda zimene pomanga sanayale pulasitiki pansi pake, ndipo zipinda zambiri za lendi zinamangidwa mofulumira chotero. Katoni imene yakhala pansi sabata ziwiri mukainyamula, kunsi kwake kumakhala kofewa, ndipo nthawi zina mumapeza chiswe chitamanga kale njira zake. Ena amatseka ndi nsanza mabowo olowera mpweya a pamwamba pa khoma ponena kuti akuletsa fumbi, ena amaunjika nsapato mpaka kufika kumalata kumene kutentha kumaumitsa chikopa mpaka kusweka, ndipo ena amasunga matumba a chimanga kapena mtedza m'chipinda chomwecho, zomwe zimaitana makoswe amene amatafunanso zingwe ndi siponji ya nsapato kuti akamangire zisa. Ndalankhula zimenezi m'misonkhano ya magulu kangapo konse, anthu amavomera ndi mitu, koma ndikabweranso mwezi wotsatira ndimapeza majumbo omwewo atamangidwa mfundo zomwezo. Yankho lakuti timachita chonchi kuyambira kale silingabweze mpamba umene watayika. Ndikumbutsenso kuti majumbo opyapyala, osafika ma micron 60, analetsedwa ndi malamulo a 2015, ndiye palibenso chifukwa chowadalira.

Tsono zoyenera kuchita si zambiri ndipo sizifuna ndalama zochuluka. Nsapato iyenera kutsukidwa matope ndi kuumitsidwa kwa masiku awiri kapena atatu pamthunzi podutsa mphepo, chopondera cha m'kati chitatulutsidwa ndi zingwe zitamasulidwa, ndipo yachikopa isayanikidwe padzuwa lamphamvu kapena pafupi ndi mbaula. Musanaisunge, pisani dzanja mpaka kumapeto kwa zala, ndipo ngati mukumva kuzizira kwa chinyezi, dikirani tsiku lina. Yachikopa ipakidwe polishi pang'ono, ndipo m'kati muikemo mapepala ouma kuti isapindike, koma nyuzipepala musaigwiritse ntchito pa nsapato zoyera chifukwa inki yake imathimbirira. Ikani nsapatozo m'makatoni obooledwa m'mbali kapena m'timatumba tansalu, zolemera pansi ndi zopepuka pamwamba, ndipo makatoniwo akhale pa thandala la matabwa kapena lansungwi lokwezedwa ndi njerwa, osakhudza khoma ndiponso osayandikira malata. Ngati denga likudontha, yalani pulasitiki pamwamba pa makatoni ngati chofunda, m'mbali mukhale motseguka, ndipo uzani mwini nyumba akonze. Timapaketi ta silica gel timene timabwera m'makatoni a nsapato zatsopano musamatitaye chifukwa timayamwa chinyezi, koma muzitisunga kutali ndi ana, ndipo makala ouma omangidwa m'kansalu amathandiza kuchepetsa fungo. Magambuti asungidwe paokha atatsukidwa ndi kuuma.

Chipindacho chizitsegulidwa kamodzi pa sabata m'nyengo ya mvula, pa tsiku limene kwawala dzuwa, ndipo wophunzira amene akupita kutali asiye kiyi kwa munthu womukhulupirira kuti azimuchitira zimenezi. Ngati mukufuna chipinda chatsopano cha lendi, kachioneni tsiku limene mvula yagwa, muyang'ane mizere ya madzi m'munsi mwa makoma ndi kununkhiza mpweya wake musanapereke ndalama. Nsapato zimene zagwidwa kale ndi chuku muzitulutse panja, mutamanga kansalu kumphuno, muzikutumule ndi bulashi, kenaka muzipukute ndi kansalu koviikidwa m'madzi osakaniza ndi viniga mofanana muyeso, poyamba mutayesa pa kamalo kobisika kuti muone ngati mtundu wake sukusintha, ndipo ziume bwinobwino musanazibwezere pamodzi ndi zinzake.