Kachitidwe ka Kafukufuku wa Chipembedzo ndi Chikhalidwe ku Mchinji

Ngati mukuchita digiri yachiwiri ndipo mukufuna kufufuza mmene mpingo, Gule Wamkulu ndi ufumu zimakhalirana ku Mchinji, yambani ndi funso limodzi lokha, mwachitsanzo mmene mwambo wa maliro umayendera pamene malemuyo anali wolowa ku dambwe koma ana ake ndi Akatolika. Funsolo likakhazikika, pemphani chilolezo ku komiti yoona za kafukufuku pa yunivesite yanu, kenako mukaonekere kwa DC, kwa mfumu yaikulu, mpaka kwa nyakwawa.

Musafike pakhomo makina ojambulira mawu ali m'manja. Khalani pansi, lonjerani, fotokozani komwe mawuwo akapite, ndipo munthuyo avomere yekha, pakuti chilolezo cha mfumu sichilowa m'malo mwa chake. Amayi muwafunse paokha, chifukwa pabwalo ambiri amangovomereza zimene abambo anena.

Ngakhale bungwe la UNESCO linalemekeza Gule Wamkulu mu 2005, zinsinsi za ku dambwe si zoti muzisindikize. Zimenezo muzisiye ndithu.

Zolembedwa zakale mukazipeza ku National Archives ku Zomba, koma muziwerenge mosamala, popeza amishoni ambiri amene analemba za Nyau anali kulimbana nazo.