Mlimi wa tiyi ndi msika wakunja: zoyenera kuchita

Tiyi wambiri wa ku Mulanje ndi Thyolo amagulitsidwa kunja, monga ku South Africa ndi United Kingdom. Ubwino wake ndi woti ogula akunja amalipirako bwino tsamba likakhala labwino. Choncho muzithyola masamba awiri ndi kansonga kokha, pakatha masiku 7 mpaka 10 m'dzinja. Musapanikize masamba m'dengu, chifukwa akatenthana amafiira ndipo kufakitale amawakana. Ayikeni pamthunzi mpaka galimoto ifike.

Lowani m'bungwe la alimi lokhala ndi chiphaso cha Fairtrade kapena Rainforest Alliance, chosonyeza ogula akunja kuti tiyi walimidwa mosamalira alimi ndi chilengedwe. Muzilemba m'kope tsiku, makilogalamu ndi feteleza amene mwathira. Oyendera otumidwa ndi opereka chiphasochi amafuna kuona zimenezi, ndipo munthu mmodzi wopopera mankhwala oletsedwa angalanditse gulu lonse chiphaso.

Chopweteka kwambiri ndi feteleza, popeza amachokera kunja. Kwacha itagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, thumba linakwera mtengo. Gulani mukangolandira bonasi ya tiyi wanu, musadikire mvula.

Pa mbewu zina zowonjezera pa tiyi, nandolo amathandiza, koma dziko la India litachepetsa kugula mu 2017 mtengo unagweratu. Siyaniko ndime ya chinanazi ndi nthochi, zomwe mungagulitse pa Limbuli kapena pa Bvumbwe.