Mmene mungagwirire naiti m'chipatala popanda kuwononga thupi ndi banja

Namwino kapena clinical officer amene ali pa naiti (ntchito ya usiku) ayenera kukonzekera tulo monga amakonzekerera ntchito. Tsiku loyamba naiti, gonani mphindi 90 masana, cha m'ma 2 koloko. Munthu akakhala maso maola 17, kaganizidwe kake kamafooka ngati ka amene walawako mowa, ndipo mlingo wa mankhwala umasokonekera pamenepo.

Nthawi yoopsa ndi pakati pa 3 ndi 5 koloko m'bandakucha, pamene thupi limafuna tulo kwambiri. Mukamawerengera insulin, magnesium sulphate kapena madontho a dripu nthawi imeneyi, itanani mnzanu awerengenso, ngakhale mutakhala kuti munazolowera. Wodi ikakhala bata, sinthanani kugona mphindi 20 basi. Mukapitirira theka la ola mumadzuka mutu uli wolemera. Khofi imwani kumayambiriro kwa usiku, chifukwa theka la caffeine limakhalabe m'magazi patatha maola pafupifupi 5. Kapu ya 4 koloko m'bandakucha ndi imene imakulandani tulo mukafika kunyumba.

Ripoti muzilemba usiku womwewo, wodwala aliyense mukangomuona. Olemba m'mawa ndi amene amaweruka mochedwa, kenaka n'kuimbiridwanso foni kufunsidwa zimene anaiwala.

Kunyumba ndiye kovuta. Idyani chakudya chopepuka, tchingani windo ndi nsalu yakuda, zimitsani kulira kwa foni, mugone osayamba mwachapa kapena kupita kumsika. Aneba ndi achibale amabwera ndi mabuku awo akuchipatala poti "adokotala alipo". Auzeni mwaulemu nthawi imene mumadzuka, ndipo wodwala kwambiri apite kuchipatala, osati pakhonde panu. Rosita (ndandanda ya masiku a ntchito) ikatuluka, ikhomeni pakhoma kuti amuna kapena akazi anu adziwiretu masiku amene ana afunika wina wowaperekeza kusukulu. Mukamaliza naiti yomaliza, gonani maola 3 kapena 4 okha, kuti usiku tulo tibwere nthawi yake.

Za lokamu (ntchito yowonjezera yolipidwa mwapadera), ndalama yake imathandizadi, koma ambiri amaidyera ofu yonse. Lamulo la ntchito la Employment Act la 2000 limaika maola 48 pa sabata ngati malire a ntchito ya nthawi zonse. Werengani maola anu pamodzi ndi a lokamu, ndipo musavomere lokamu ya masana mutangotsika naiti.