Kaphikidwe ka mabisiketi pamene mulibe batala

Malangizo ambiri ophikira mabisiketi amatchula batala, koma batala ndi wokwera mtengo ndipo m'magolosale ambiri a kumudzi sapezeka n'komwe. Mabisiketi abwino amatheka popanda batala, malinga ngati wophika akudziwa kuti mafuta amene wasankha ali ndi madzi ochuluka bwanji, komanso ngati ali olimba kapena amadzimadzi. Zinthu ziwirizi ndi zimene zimachititsa kuti bisiketi ifufume kapena iphwatalale, ikhale yofewa kapena yokukutika.

Pa magalamu 100 a batala, pafupifupi magalamu 80 ndi mafuta, ndipo otsalawo kwenikweni ndi madzi pamodzi ndi tizigawo tochepa ta mkaka. Mukamatakasa batala wofewa ndi shuga, timibulu ta shuga timaboola batalayo n'kusiya timipata ta mpweya, ndipo timipata timeneti ndi timene timakula mu uvuni. Mafuta amadzimadzi sasunga mpweya wotero, choncho sangalowe m'malo mwa batala muyezo kwa muyezo.

Chosavuta kwambiri ndi majarini, koma apa m'pamene ambiri amalakwitsa. Majarini wophikira, amene amagulitsidwa wokulunga m'pepala ngati njerwa, amakhala ndi mafuta pafupifupi ofanana ndi a batala, ndipo mukhoza kuthira muyezo womwewo umene malangizo atchula. Majarini wofewa wa m'kabakuli, wopaka pa buledi, nthawi zambiri amakhala ndi madzi ochuluka, kotero kuti mabisiketi ake amatuluka ofewa ngati keke ndipo sachedwa kunyowa mukawasunga. Werengani zimene zalembedwa pa paketi musanagule. Ngati mafuta ake sakufika magalamu 70 pa magalamu 100, ndi bwino kumusiyira buledi. Kumbukiraninso kuti majarini nthawi zambiri amakhala kale ndi mchere, ndiye chepetsani umene mukanathira.

Mafuta ophikira a soya kapena a mpendadzuwa, omwe ali m'nyumba iliyonse, amafuna kusamala kwambiri chifukwa onsewo ndi mafuta okhaokha. Pamene malangizo atchula kapu imodzi ya batala, thirani magawo atatu mwa magawo anayi a kapuyo. Nawu muyezo umene sukhumudwitsa: makapu awiri a fulawa, omwe ndi pafupifupi magalamu 250, shuga wokwana magalamu 150, theka la kapu ya mafuta, dzira limodzi, supuni yaing'ono imodzi ya baking powder, kamchere pang'ono ndi vanila ngati muli naye. Yambani ndi kumenya dzira pamodzi ndi shuga mpaka zitayererako, kenako thirani mafutawo pang'onopang'ono uku mukutakasa, kuti alowerere m'dzira m'malo moyandama pamwamba. Dzira lomenyedwa bwino ndi limene limagwira mpweya umene batala akanagwira. Pomaliza thirani fulawa imene mwaisakaniza kale ndi baking powder ndi mchere, ndipo mukangoona kuti ufa wouma sukuonekanso, lekani kutakasa. Mtanda wa mabisiketi sukandidwa ngati wa mandazi, chifukwa kukanda kumalimbitsa tirigu ndipo bisiketi imatuluka yotafunika movutira. Ngati mtandawo ukuyoyoka, onjezani supuni yaikulu imodzi ya mkaka, osati mafuta.

Mtanda wa mafuta amadzimadzi umafuna kupuma kwa mphindi 30 musanauumbe, m'furiji ngati muli nayo kapena pamalo pozizira mutauvindikira. Panthawiyi fulawa imamwa chinyezi ndipo mtanda umagwirana. Musavutike ndi kuupsinja ndi botolo n'kumadula maonekedwe a nyenyezi kapena maluwa, pakuti umang'ambika. Umbani timipira tofanana kukula, tiikeni motalikirana pa thireyi, ndipo mutipsinje pang'ono ndi foloko. Amene akufuna mabisiketi odulidwa m'maonekedwe otere agwiritse ntchito majarini wophikira.

Chiponde, kwa ine, chimaposa zonsezi pa kakomedwe. Pafupifupi theka la chiponde ndi mafuta, ndipo gawo lotsala limagwira ntchito ngati ufa, moti kapu imodzi ya chiponde, theka la kapu ya shuga ndi dzira limodzi zimakwanira kupanga mabisiketi popanda fulawa iliyonse. Mabisiketi amenewa amakhala osalimba akadali otentha, choncho asiyeni pa thireyi mpaka atazizira. Ngati mukusinja nokha chiponde, sankhani mtedza wouma bwino ndi kutaya uliwonse wachuku kapena wowawa, ndipo ngati mukugulitsa kapena kupatsa alendo, auzeni kuti muli mtedza, popeza alipo anthu amene umawadwalitsa kwambiri.

Mafuta a kokonati amalimba kukazizira ndipo amasungunuka kutentha kukapitirira madigiri 24, kotero m'miyezi ya October ndi November amakhala amadzimadzi ngati a soya, ndipo muyenera kuwayeza momwemo. Mapeyala ndi nthochi zakupsa zofinya zimatchulidwanso kawirikawiri, koma zili ndi madzi ambiri kuposa mafuta. Zikhoza kulowa m'malo mwa theka la mafuta basi, ndipo mabisiketi ake amakhala ofewa komanso sakhalitsa.

Tenthetsani uvuni mpaka madigiri 180 musanaikemo thireyi, ndipo wotchani kwa mphindi 10 mpaka 12. Mabisiketi a mafuta ophikira safiira msanga pamwamba ngati a batala, ndiye musadikire kuti asinthe mtundu. Nyamulani imodzi ndi mpeni, ndipo ngati kunsi kwafiirira, achotseni ngakhale pakati pakuoneka pofewa, chifukwa amalimba akamazizira. Amene mukuphikira pa mbaula, thirani mchenga woyera pansi pa poto wamkulu, muutenthetse kaye, kenako ikani mbale yachitsulo ya mabisiketi pamwamba pa mchengawo ndi kuvindikira. Makala ambiri akhale pa chivindikiro ndipo ochepa akhale pansi, pakuti mtanda wa shuga umapserera msanga kunsi.

Akazizira ndithu, aikeni m'chitini kapena m'botolo lotsekeka bwino. Mabisiketi a mafuta ophikira ndi a chiponde amakhala bwino kwa sabata imodzi, koma okhala ndi nthochi kapena mapeyala adyedwe pasanathe masiku awiri kapena atatu, makamaka m'nyengo ya mvula.