Mmene Mungakonzere Mkumano wa Alakatuli M'dera Lanu

Choyamba, pezani malo osalipiritsa, monga kalasi yapasukulu ya pulayimale Loweruka masana kapena holo yatchalitchi, ndipo mupemphe chilolezo kwa mphunzitsi wamkulu kapena akuluampingo nthawi ikadalipo. Anthu khumi ndi okwanira poyambira. Gulu la alembi lomwe linayamba ku Chancellor College mu 1970, momwe munalinso mlakatuli Jack Mapanje, linakula chifukwa chokumana kawirikawiri n'kumaunikirana zolemba.

Aliyense abwere ndi ndakatulo imodzi yolembedwa pamapepala atatu kapena anayi oti agawire anzake, popeza khutu lokha limanyengeka ndi liwu lokoma la wolakatula. Mlakatuli aimirire, alakatule kwa mphindi zosaposa zisanu, kenaka akhale chete pamene anzake akukambirana. Apa ndiye povuta, chifukwa ambiri amafuna kuikira kumbuyo mzere uliwonse ngati mwana wobala okha. Wotsogolera afunse mafunso olunjika: kodi ndi ndime iti yomwe yawakhudza omvera, nanga ndi pati pomwe mlembi wakakamiza mawu, monga kuika "kulima" pongofuna kuti amveke mofanana ndi "mtima"? Mlembi alembe ndemangazo kumbuyo kwa pepala lake, ndipo sabata yotsatira abwerenso ndi ndakatulo yomweyo ataikonza.

Gulu likakhwima, konzani tsiku lolakatula pamaso pa anthu. Tsiku la 21 Malichi, lokumbukira ndakatulo padziko lonse, ndi loyenera, koma poti imakhala nyengo yamvula, musadalire bwalo lapanja. Yesani zokuzira mawu anthu asanafike, komabe aliyense akonzekere kulakatula ndi pakamwa pokha, chifukwa magetsi akhoza kuthima ali pakati pa ndime.